Kulipira kuti ubwerere m'mbuyo: mbiri ya laisensi za Windows yakale

Mu Febuluwale 2009 mayi wina wa ku Los Angeles anakasumira kampani ya Microsoft kukhoti la boma la America mumzinda wa Seattle. Ndalama yomwe ankadandaula inali yochepa, madola 59.25 basi. Mayiyu anagula laputopu ya Lenovo yomwe inabwera ndi Windows Vista, koma iye ankafuna Windows XP, yomwe panthawiyo inali itatha kale zaka zisanu ndi ziwiri pamsika. Kuti amuchotsere chatsopano n'kumuikira chakale, anamulipiritsa ndalama yoonjezerayo. Patatha chaka woweruza anauthetsa mlanduwo, Microsoft n'kupambana.

Mlanduwu unaiwalika msanga, koma funso lake likadalipo. Munthu amene wagula kompyuta ndi ndalama zake, n'chifukwa chiyani ayenera kupempha chilolezo, mwinanso kulipira, kuti agwiritse ntchito pulogalamu yakale yomwe akuidziwa bwino? Mukagula njinga, palibe amene amabwera patatha zaka khumi kudzakuuzani kuti nthawi yake yokwera yatha. Pa operating system, pulogalamu ikuluikulu ija yomwe imayendetsa kompyuta yonse ndipo mapulogalamu ena onse amadalira, zinthu sizili choncho. Ndipo sizinangochitika zokha ayi. Panali anthu, makhoti ndi makampani omwe anaziumba pang'onopang'ono kwa zaka pafupifupi makumi asanu.

M'zaka za m'ma 1960 mapulogalamu sankagulitsidwa paokha kwenikweni. Kampani ngati IBM inkabwereketsa kapena kugulitsa chimakina chachikulu, mapulogalamu n'kubwera nawo limodzi ngati basera. Mu Januwale 1969 boma la America linatsegulira IBM mlandu wopondereza anzake pamalonda, ndipo mu Juni chaka chomwecho kampaniyo inalengeza kuti iyamba kuika mtengo wapadera pa mapulogalamu ake ambiri. Kuyambira pamenepo pulogalamu inasanduka katundu. Koma anali katundu wachilendo, woti munthu atha kumukopera kambirimbiri, mwini wake n'kukhalabe ndi wake m'manja.

Vuto limeneli ndi lomwe linakwiyitsa Bill Gates mu Febuluwale 1976, ali ndi zaka 20. Analemba kalata yopita kwa anthu okonda kuseweretsa makompyuta ang'onoang'ono, kudandaula kuti mwa eni makina a Altair, omwe analipira pulogalamu yake ya BASIC sankafika ndi mmodzi yemwe mwa anthu khumi aliwonse. Enawo ankangopatsirana, ndipo iye anawatcha akuba mosapita m'mbali. Mu 1980 nyumba ya malamulo ya America inasintha lamulo la copyright kuti linene momveka za mapulogalamu a kompyuta. Komabe panali mpata umodzi womwe unkawasowetsa tulo amalonda. Lamulo lakale la ku America limati ukagula buku, ndi lako, utha kuligulitsa kapena kubwereketsa mnzako popanda kufunsa wolemba. Makampani a mapulogalamu sanafune kuti zimenezi ziwagwere, choncho anapeza njira yozemba: anasiya kunena kuti akugulitsa. Anayamba kunena kuti akupereka laisensi, chilolezo chogwiritsa ntchito pamalire omwe iwo eni alemba.

Kodi pepala lomwe munthu waliona atalipira kale, atafika kunyumba n'kutsegula bokosi, lingakhale pangano lenileni? Makhoti anakangana pa zimenezi kwa zaka. Mu 1996, pamlandu wa ProCD ndi Zeidenberg, woweruza Frank Easterbrook anagamula kuti inde ndi pangano, malinga ngati wogula anali ndi mwayi wowerenga n'kubweza katunduyo akapanda kugwirizana nazo. Mu 2010 khoti lina la apilo, pamlandu wa Vernor ndi Autodesk, linauza munthu yemwe ankagulitsa madisiki akale a AutoCAD pa eBay kuti omwe anamugulitsa madisikiwo sanali eni ake, anali ongololedwa kugwiritsa ntchito. Batani lija la “I accept” lomwe tonse timadina osawerenga lili ndi mphamvu chifukwa cha milandu ngati imeneyi.

Microsoft inkapereka Windows m'njira zitatu, ndipo kusiyana kwa njirazi ndi kumene kuli phata la nkhani yonse. Pali laisensi ya m'bokosi yomwe munthu amagula m'sitolo, yodula, koma yoti utha kuichotsa pa kompyuta ina n'kuika pa ina. Pali laisensi ya OEM, yomwe opanga makompyuta monga Dell, HP ndi Lenovo amaikiratu kufakitale. Iyi ndi yotchipa, koma imamatirira pa makina amodziwo, ndipo makinawo akafa nayonso yafa. Ndiye pali volume licensing, ya maboma, mabanki ndi mayunivesite omwe amagula zambiri nthawi imodzi. Anthu ochuluka padziko lapansi sanagulepo Windows m'bokosi. Anaipeza kale m'makina, mtengo wake utabisala mumtengo wa kompyuta. Pa 15 Febuluwale 1999 anthu ogwiritsa ntchito Linux anachita zionetsero pa ofesi ya Microsoft ku Foster City, California, kufuna kuti abwezeredwe ndalama za Windows yomwe sanaifune. Anawauza kuti akafunse kwa omwe anawagulitsa makinawo.

Windows XP inatuluka pa 25 Okutobala 2001 ndi chinthu chomwe ogula wamba anali asanachizolowere: activation. Kulemba kiyi ya zilembo 25 kunasiya kukhala kokwanira. Pasanathe masiku 30 kompyuta inkayenera kulumikizana ndi Microsoft pa intaneti, kapena mwini wake kuimba foni, kuti kiyiyo imangidwe ku makina amenewo. Mu 2005 kunabwera Windows Genuine Advantage, yomwe inkafufuza ngati Windows yanu ndi yovomerezeka musanatenge zinthu zina pa webusaiti ya kampaniyo. Apa laisensi inasiya kukhala pepala chabe. Inakhala ndi mlonda wake mkati mwa kompyuta yanu yomwe.

Kenaka kunabwera Vista, yomwe inafika m'masitolo pa 30 Januwale 2007. Inali yolemera. XP inkayenda bwinobwino ndi 128 MB ya RAM, pomwe Vista inkafuna 512 MB kungoti idzuke, ndi 1 GB kuti ionetse zokongola zake zonse. Maprinta ndi zipangizo zina zambiri zinalibe madiraiva oyenda nayo, ndipo mapulogalamu akale a m'maofesi ena anakana kugwira ntchito. Anthu anakana kusamuka. Mu Epulo 2007 Dell inabwezeretsa XP pa makompyuta ena ogulitsa anthu wamba chifukwa makasitomala anaumirira. Magazini ya InfoWorld inayambitsa chikalata chopempha kuti XP isachotsedwe pamsika, ndipo anthu oposa 200,000 anasainira. Microsoft inasuntha tsiku kamodzi, kenaka pa 30 Juni 2008 inasiya kugulitsa XP m'masitolo komanso kwa opanga makompyuta akuluakulu.

Apa ndi pomwe ndime ina yaing'ono ya mu laisensi, yomwe kale ankaidziwa ndi akatswiri a m'maofesi okha, inatchuka mwadzidzidzi. Dzina lake ndi downgrade rights, kutanthauza chilolezo chotsikira ku Windows yakale pogwiritsa ntchito laisensi ya yatsopano. Malire ake ndi ofunika kuwaona bwino. Chilolezochi chinali mu Vista Business ndi Vista Ultimate, mitundu yodula, ndipo chinkakufikitsa ku XP Professional. Wogula Vista Home Basic kapena Home Premium analibe chilolezo chimenechi. Choncho munthu wofuna XP ankayenera kuyamba wagula Vista yapamwamba yomwe sankaifuna n'komwe, kenaka kupeza disiki ya XP payekha kapena kulipira wopanga makina kuti amuikire. Microsoft inkati iyo sinkalipiritsa kanthu pa kutsikako, olipiritsa anali opanga makompyuta. M'mawu ake enieni zinali zoona. Koma kompyuta iliyonse yotsitsidwa inali italipiridwa kale laisensi ya Vista, ndipo m'mabuku a kampani inkawerengedwa ngati Vista yagulidwa, ngakhale Vistayo sinayatsidwepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Ine ndimaona kuti mawu akuti “rights” pano amasocheretsa. Ufulu weniweni sudalira kuti uyambe wagula chinthu chodula chomwe sukuchifuna. Chimene chinaperekedwa chinali njira yochenjera yoti makasitomala okwiya asathawe, kampani n'kumalandirabe ndalama za chatsopano. Umboni wake uli pa zomwe zinachitika ndi ma netbook. Mu 2007 Asus inatulutsa Eee PC, kalaputopu kakang'ono kotchipa komwe sikakanatha kunyamula Vista, ndipo kanabwera ndi Linux. Posakhalitsa Microsoft inalola kuti XP Home, yomwe inali itatsekeredwa khomo kwina konse, ipitirire kuikidwa pa timakina totere mpaka Okutobala 2010. Pomwe panali mpikisano, chakale chinaloledwa kukhala ndi moyo popanda aliyense kusainira chikalata. Windows 7 itatuluka pa 22 Okutobala 2009, nayonso inabwera ndi chilolezo chotsikira ku XP mu mitundu ya Professional ndi Ultimate, ndipo mu Julayi 2010 nthawi yake inatalikitsidwanso, chifukwa makampani ambiri anali asanakonzeke.

Tsiku lomwe linasintha zinthu ndi 8 Epulo 2014, pomwe Microsoft inasiya kupereka ma update a chitetezo a XP. Anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri apa. Laisensi ya XP sinathe tsiku limenelo. Amene anali nayo movomerezeka sakuphwanya lamulo lililonse akamaigwiritsabe ntchito mpaka lero. Chomwe chinatha ndi kukonza mabowo omwe akuba a pa intaneti amalowera. Ndipo poti malamulo a copyright salola wina aliyense kutenga source code ya XP n'kumaikonza, mwini wake atasiya panalibenso wina wololedwa kutola ntchitoyo. Nyumba ndi yako kugonamo, koma denga likadontha, mmisiri wololedwa kukwerapo ndi mmodzi yekha, ndipo wati sabweranso.

Sabweranso kwa wopanda ndalama, ndiye kuti. Boma la Britain linalipira mapaundi pafupifupi 5.5 miliyoni kuti lilandirebe ma update a XP ndi mapulogalamu ena akale kwa chaka chimodzi. Boma la Netherlands linachitanso pangano lake. Mu 2015 asilikali apamadzi a America anasaina pangano la madola pafupifupi 9 miliyoni pa chifukwa chomwecho. Izi zikutiuza kuti ma update ankalembedwabe, kungoti ankapita kwa olipira okha. Pa 12 Meyi 2017 vairasi ya WannaCry inafalikira m'maiko oposa 150, n'kutseka mafailo a anthu ndi kufuna dipo. Ku England zipatala za NHS zinalephera kuona odwala pafupifupi 19,000 omwe anali ndi masiku oonana ndi madokotala. Tsiku lotsatira Microsoft inatulutsa update ya XP kwa aliyense kwaulere, chinthu chomwe inali itanena kuti sidzachitanso.

Tisakokomeze komabe. Nkhani ya WannaCry imakambidwa kawirikawiri ngati chilango cha anthu okakamira XP, koma ofufuza anapeza kuti makompyuta ambiri omwe anagwidwa anali a Windows 7, yomwe inali ikulandirabe chithandizo. Update yotseka bowolo inali itatuluka mu Malichi chaka chomwecho, eni makina sanaiike. Komanso Microsoft ili ndi mfundo yake yomveka: inasamalira XP kwa zaka zoposa 12, nthawi yaitali kuposa yomwe mafoni ambiri a Android amalandira ma update. Akatswiri okonza pulogalamu amafuna malipiro, ndipo palibe kampani yomwe ingalonjeze kusamalira chilichonse chomwe inapangapo mpaka kalekale. Apple ndi youmanso mtima kuposa apa, chifukwa ikasiya kuvomereza iOS yakale, foni yako singabwererenso m'mbuyo ngakhale utalipira. Chomwe ndikutsutsa ine ndi choti kampani imodzi igwire zonse zitatu: kusankha tsiku losiya, kuletsa ena kupitiriza ntchitoyo, ndi kugulitsa chipulumutso kwa omwe angakwanitse.

Malamulo a masiku ano anaphunzirapo kanthu pa mkangano wa XP. Mu laisensi ya OEM ya Windows 10 Pro munalembedwa kuti munthu atha kutsikira ku Windows 8.1 Pro kapena Windows 7 Professional, koma pokhapokha Microsoft ikamathandizabe mtundu wakalewo. Tsiku lothetsa chithandizo linasanduka tsiku lotsekanso khomo lotsikira. Mitundu ya Home ilibe chilolezochi mpaka pano, pomwe mabungwe akuluakulu a volume licensing amaloledwa kutsika patali kuposa munthu wamba.

Windows 10 inasiya kuthandizidwa pa 14 Okutobala 2025, ndipo ulendo uno vuto linabwera mwa mtundu wina. Mu 2008 anthu ankakana kusamuka. Tsopano ambiri ofuna kusamuka ndi omwe akukanidwa. Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa yatsopano, kwa Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu womwe unayamba kutuluka mu 2017. Laputopu ya Core i5 ya 2015 yomwe ikugwira bwino ntchito siili pamndandanda. Kampani yofufuza zamalonda ya Canalys inayerekeza mu 2023 kuti makompyuta pafupifupi 240 miliyoni atha kusanduka zinyalala chifukwa cha malire amenewa. Wofuna kukhalabe pa Windows 10 motetezeka anapatsidwa mitengo: kampani ilipire madola 61 pa kompyuta iliyonse chaka choyamba, mtengo n'kumawirikiza kawiri chaka chilichonse, sukulu zilipire dola imodzi chaka choyamba, ndipo munthu wamba alipire madola 30 kapena alole kuti zina za m'kompyuta yake zizisungidwa pa akaunti ya Microsoft, apeze chaka chimodzi. Ku Ulaya, bungwe loteteza ogula la Euroconsumers litakakamiza, anthu anapatsidwa chaka chimenecho kwaulere popanda zina mwa zofunikazo.

Nanga makompyuta omwe maofesi a ku Ulaya ndi America akuwachotsa amapita kuti? Ena amaphwanyidwa, koma ambiri amakwera sitima, ndipo ena mwa iwo ndi ma ThinkPad, ma Latitude ndi ma EliteBook akaunjika omwe ophunzira timalembera ma assignment. Pano ndi pomwe mbiri yonseyi imatikhudza. Malamulo a laisensi analembedwa poganizira wogula woyamba, wokhala ndi risiti, intaneti yodalirika ndi khadi la kubanki lolipirira m'madola. Wogula wachiwiri kapena wachitatu amalandira makina omwe mbiri yake saidziwa. Ngati ofesi yomwe inali nawo inkagwiritsa ntchito volume licensing, laisensi imeneyo imatsala ndi ofesiyo. Ya OEM ndiyo imayenda ndi makina. Kale umboni wake unali kasitika kokhala ndi kiyi pansi pa laputopu, komwe kamafufutika ndi kutentha ndi thukuta la pamiyendo. Kuyambira pa Windows 8 mu 2012, kiyi inayamba kusungidwa mkati mwa makina momwe. Zotsatira zake n'zoseketsa pang'ono: pali malaputopu ambiri omwe ali ndi laisensi yeniyeni m'mimba mwawo, koma wokonza anaikamo mtundu wina wa Windows wosagwirizana ndi kiyiyo, n'kuuthyola kuti uyende. Mawu aja a “Activate Windows” omwe amaoneka pakona ya pulojekita mnzathu akamapereka presentation si nthawi zonse amasonyeza kuti palibe amene analipira.

Ku Ulaya wogula wachiwiri ali ndi pogwira. Mu Julayi 2012 khoti lalikulu la European Union, pamlandu wa UsedSoft ndi Oracle, linagamula kuti laisensi yopanda malire a nthawi yomwe munthu analipira itha kugulitsidwanso, ngakhale pangano litaletsa, malinga ngati wogulitsayo wafufuta kope lake. Chigamulochi chinatsutsana ndi cha ku America cha 2010, ndipo chinatsegula msika wovomerezeka wa malaisensi ogwiritsidwa kale ntchito. Koma mphamvu yake imathera m'malire a Ulaya. Pepala la laisensi ndi limodzi padziko lonse, pomwe kulemera kwake kumadalira khoti ndi mabungwe a ogula a dziko lomwe munthu ali.

Ena amati pulogalamu yomwe mwini wake anaisiya ndi ya aliyense, ndipo pa intaneti amaitcha abandonware. Lamulo silidziwa mawu amenewa. Ku America ntchito yopangidwa ndi kampani imatetezedwa zaka 95 kuchokera pomwe inatuluka, kutanthauza kuti XP idzamasuka kumapeto kwa 2096, zaka 82 chithandizo chake chitatha. Nthawi imeneyi inakonzedwa poganizira mabuku ndi mafilimu, zinthu zomwe zimakhalabe zothandiza zikakalamba. Mwini akhoza kumasula msanga akafuna, ndipo Microsoft inachitapo zimenezi: mu 2014 inapereka source code ya MS-DOS 1.1 ndi 2.0 ku Computer History Museum, mu 2018 inaika MS-DOS yoyambirira pa GitHub pansi pa laisensi yomasuka ya MIT, ndipo mu 2024 inaonjezera MS-DOS 4.0. Zonsezi ndi za m'ma 1980, zinthu zomwe sizingalande kasitomala ndi mmodzi yemwe wa Windows yatsopano.

Njira ina inalipo kuyambira kale. Richard Stallman anayambitsa GNU mu 1983, laisensi ya GPL inatuluka mu 1989, ndipo Linux ya Linus Torvalds, yomwe inayamba mu 1991, inalowa pansi pa laisensi imeneyi. Mu GPL mulibe ndime ya downgrade rights chifukwa siifunika: mtundu uliwonse, wakale kapena watsopano, utha kuikidwa pa makina angati aliwonse, ndipo woupanga akasiya kuusamalira wina atha kupitiriza. Ubuntu, yomwe Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004 n'kuipatsa dzina lofanana ndi umunthu wathu, inkatumiza madisiki aulere papositi kulikonse padziko mpaka 2011. Koma kusamuka sikophweka ngati momwe okonda Linux amanenera akakhala pa mtsutso. Mzinda wa Munich ku Germany unaganiza zosamukira ku Linux mu 2003, pomwe chithandizo cha Windows NT 4.0 chinkatha, ndipo Steve Ballmer, mkulu wa Microsoft panthawiyo, anapita yekha kukakambirana ndi meya. Mzindawo unasamutsa makompyuta pafupifupi 15,000 pa zaka khumi. Mu 2017 khonsolo yake inavota kuti ibwerere ku Windows.